Galu wotoledwa ku Mangochi akusowa katemera, osati kuyezedwa mtundu

Pakati pa anthu oweta agalu kuno ku Mangochi pabuka mkangano watsopano, ndipo wakula kwambiri kwa ogwira ntchito m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ndi kwa mabanja amene ali ndi ana ku Joni. Nkhani yake ndi ya timaphukusi toyezera DNA ya galu (zizindikiro za m'thupi zimene galu amatengera kwa makolo ake), timene amati timaulula mtundu wa galu wako ngakhale sukudziwa make kapena tate wake. Ine mkanganowu unandipeza pakhonde la mlamu wanga. Iwo anatola kamwana ka galu m'ngalande pafupi ndi msika wa paboma, kali kowonda nthiti zikuwerengeka, utitiri uli thupi lonse. Atakasamala kwa miyezi iwiri kanayamba kusalala, ndipo mwana wawo amene ali ku Johannesburg ataona zithunzi ananena kuti makutu oimawo ndi a German Shepherd, n'kulonjeza kuti alipira kuti kayezedwe. Mlamu anandifunsa kuti, "Alamu, inu mwakhala ndi agalu zaka zambiri, kodi ndimuuze mwanayu atumize?" Ndinawayankha kuti ayi, ndipo yankho lomwelo ndikulipereka pano kwa aliyense. Kwa galu wotoledwa m'boma lino, kuyeza mtundu ndi kutaya ndalama pa funso limene galuyo alibe, pamene mafunso okhudza moyo wake ndi moyo wa ana a pakhomo akudikira yankho.

Tiyambe ndi mmene kuyezaku kumachitikira, chifukwa ambiri otsutsana pa nkhaniyi sanafike pamenepo. Munthu amagula phukusi ku kampani monga Embark kapena Wisdom Panel, zonse za ku America. M'phukusimo mumakhala kamtengo ka thonje kumapeto, kamene umapukutira m'kati mwa tsaya la galu, kenaka umakatumiza kunja. Kumeneko akatswiri amawerenga zizindikiro masauzande ambiri mu DNA ya galuyo n'kuziyerekeza ndi za agalu a mitundu yodziwika amene kampaniyo inasonkhanitsa kale, mitundu yoposa 300. Mfundo yofunika ili pamenepa: makinawo sapenya mtundu ngati mmene timaonera chambo n'kuchisiyanitsa ndi kampango. Iwo amangofananitsa ndi zimene zili m'nkhokwe yawo. Ngati galu wako sachokera ku mtundu uliwonse wa m'nkhokwemo, yankho limene ungalandire likudalira kukhulupirika kwa kampaniyo.

Tsono vuto lagona poti galu wathu wachikuda si chisakanizo cha mitundu yachizungu ayi. Anthu ambiri amaganiza kuti pachiyambi panali agalu enieni, a German Shepherd, a Boxer ndi a Labrador, ndiye agalu a m'midzi yathu ndi zotsalira zimene zinatuluka mitunduyo itasakanikirana. Zoona zake n'zotembenuka. Mitundu yambiri yotchukayi ndi ya posachedwapa, inaumbidwa ndi anthu ku Ulaya m'zaka zosakwana 200 zapitazi. Bungwe la Kennel Club la ku London linakhazikitsidwa mu 1873, German Shepherd anayamba kulembedwa ngati mtundu mu 1899, ndipo Rhodesian Ridgeback wa kwa anansi athu analembedwera malamulo a maonekedwe ake ku Bulawayo mu 1922. Agalu a m'midzi ya mu Africa analipo kale zonsezi zisanachitike, akusaka ndi makolo athu ndi kulondera makola. Mu 2009 katswiri wina dzina lake Adam Boyko ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa agalu a m'midzi ya ku Uganda, Egypt ndi Namibia, ndipo anapeza kuti ambiri mwa iwo ndi mbadwa za kuno, osiyana ndi mitundu ya ku Ulaya. Boyko yemweyo ndi mmodzi mwa amene anadzayambitsa Embark, n'chifukwa chake kampani imeneyo ikayeza galu wotere imatha kulemba poyera kuti ndi galu wa m'mudzi. Choncho mlamu wanga akanatumiza kathonje kake ku kampani yokhulupirika, mwina akanalandira kalata yowauza zimene mwana aliyense wa ku Mpondasi akanawauza kwaulere. Akanatumiza ku kampani yosasamala, akanalandira mndandanda wa mitundu isanu imene galu wawo sanaionepo. Makampani otere alipodi: mu 2024 mtolankhani wina wa ku Boston anatumiza malovu a m'tsaya lake lomwe ku kampani ina yoyeza agalu, ndipo inamubwezera mayina a mitundu ya agalu.

Komabe anthu amene akukonda kuyezaku si opusa, ndipo zifukwa zawo n'zoyenera kuzimva bwino. Chifukwa chimene ndimachimva kawirikawiri ndi cha khalidwe. Amati galu wotoledwa ndi mlendo, sudziwa kumene wachokera, ndipo ukadziwa kuti ali ndi magazi a Boerboel kapena Pit Bull udzachenjera naye pafupi ndi ana. Nkhawa imeneyi ndikuimvetsa, chifukwa ndinaonapo mwana atang'ambidwa mwendo ndi galu wa pakhomo pomwepo. Koma funso ndi lakuti, kodi dzina la mtundu limatiuzadi khalidwe? Mu 2022 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wamkulu wa gulu la Elinor Karlsson, amene anafunsa eni agalu oposa 18,000 ndi kuyeza DNA ya agalu oposa 2,000. Anapeza kuti mtundu umafotokoza pafupifupi 9 peresenti yokha ya kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi galu mnzake. Zotsalazo zimachokera ku zinthu zina, kuphatikizapo mmene galuyo analeredwera. Izi n'zimene woweta aliyense amaziona ndi maso ake. Ana a galu obadwa tsiku limodzi, wina ukampereka kwa munthu womumanga pa tcheni usana wonse pa dzuwa la mu Okutobala, kumumenya ndi kumupatsa tsabola kuti akhale wolusa, wina ukampereka pakhomo pamene ana amasewera naye ndipo amadya pa nthawi yake, pakatha chaka sungakhulupirire kuti ndi a mimba imodzi. Pachifukwa ichi, amene akufuna kudziwa ngati galu wotoledwa ndi woopsa ayenera kumuyang'anitsitsa iye mwini: amatani ukayandikira mbale yake akudya, amatani mwana akathamanga, amatani akaona mbuzi kapena nkhuku, amachita mantha ndi ndodo kapena ayi. Milungu itatu ya kuyang'anitsitsa kotere imakuphunzitsa zambiri kuposa pepala lochokera kunja. Ndiponso pepalalo lingathe kukusocheretsa mbali zonse ziwiri. Likanena kuti ndi Labrador, mayi angasiye khanda pa mphasa pafupi ndi galu amene sanamudziwe bwino. Likanena kuti ndi Pit Bull, galu wofatsa angabwezedwe ku ngalande kumene anatoledwa.

Ena amanena za kukula kwa thupi, kuti adziwiretu ngati adzakwanitsa kumudyetsa. Apa sindichedwapo. Mapazi a kagalu, msinkhu wake pa miyezi inayi, ndi diso la mlangizi wa ziweto zimakuuza mokwanira, ndipo pofika nthawi imene kathonje kapita ku America n'kubwerako yankho, galuyo amakhala wayamba kale kudzionetsa yekha.

Chifukwa champhamvu kwambiri cha mbali inayo ndi cha matenda, ndipo pano ndiyenera kuvomereza zina. Ndi zoona kuti makampani akuluakulu sayeza mtundu wokha, amayang'ananso matenda ena otengera ku makolo. Chitsanzo chodziwika ndi vuto la kachigawo ka DNA kotchedwa MDR1, limene akatswiri a ku Washington State University analifotokoza mu 2001. Agalu a mtundu wa Collie ndi abale awo oweta nkhosa amakhala nalo kawirikawiri, ndipo galu wotero akapatsidwa mankhwala a ivermectin ambiri angathe kunjenjemera, kuchita khungu ngakhale kufa kumene. Mankhwala amenewa ndi omwe ambiri timabayira agalu a mphere kuno kwathu, nthawi zina ndi mlingo wongoyerekeza kuchokera m'botolo la ng'ombe. Ndiye ngati galu wasiyidwa ndi mlendo wa kunja amene anali ku Cape Maclear kapena ku Monkey Bay, ndipo akuonekeratu kuti ndi wa ubweya wautali ndi mphuno yosongoka ya agalu oweta nkhosa, kumuyeza kuli ndi phindu, ndipo sindingatsutse. Koma taonani kuti chimene chathandiza pamenepo ndi kuyeza nthenda, osati kudziwa dzina la mtundu. Taonaninso kuti pali njira yachidule: kumuuza dokotala wa ziweto nkhawa yako kuti asankhe mankhwala ena ndi kupima mlingo molingana ndi kulemera kwa galu. Kuposa pamenepo, matenda otengera ku makolo amachuluka mwa agalu amene akhala akukwatitsidwa pachibale kwa mibadwo yambiri pofuna kusunga maonekedwe. Galu wachikuda sanadutse m'njira imeneyo. Zimene zimapha agalu ku Mangochi sizibisika mu DNA. Ndi matenda a parvo amene amatsegula m'mimba magazi n'kumaliza ana a galu onse pa sabata imodzi, ndi matenda a nkhupakupa amene amayeretsa nkhama galu n'kufooka, ndi njoka za m'mimba, ndi mphere, ndi galimoto za pa msewu wa ku Monkey Bay, ndi chiwewe.

Pa chiwewe ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa ndi chimene chimandichititsa kuti nkhaniyi ndisaitenge ngati yamasewera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Anthu anayi mwa khumi alionse olumidwa ndi nyama zokayikitsa ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, palibenso mankhwala. Galu wotoledwa ndiye amene mbiri yake sitiidziwa pa nkhani imeneyi. Sitidziwa ngati analumidwapo ndi galu wina kapena nkhandwe asanafike m'manja mwathu, ndipo kachilomboka kamatha kukhala chete m'thupi kwa milungu ngakhale miyezi galu akuoneka bwinobwino. Kathonje ka DNA sikaona chiwewe. Choncho mbiri imene tiyenera kuida nkhawa si ya agogo ake a galuyo, koma ya miyezi itatu yapitayi. Munthu wotola galu ayenera kupita naye kwa a zaziweto mwamsanga, kumubayitsa katemera, kumusunga kuti asamayendeyende, ndi kumuyang'anira ngati wasintha khalidwe, akutuluka dovu kapena akulephera kumeza. Akaluma munthu, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba wadikira kuti aone ngati bala lipola. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akamalandira katemera chaka ndi chaka, chiwewe chimasiya kufala. Izi si nkhambakamwa, zaoneka m'dziko mwathu momwe muno. Bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito ku Blantyre mu 2015 chifukwa cha ana ambiri amene ankafa ndi chiwewe pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo pa ulendo woyamba wokha linabaya katemera agalu oposa 35,000. Galu aliyense wobayidwa ku Namwera, ku Malindi kapena ku Makawa ndi mpanda woteteza ana a mudzi wonse, kuphatikizapo ana a m'mabanja amene saweta agalu n'komwe, amene ndi ambiri m'boma lino.

Apa wina angandiyankhe kuti ndikusakaniza nkhani, chifukwa munthu angathe kuchita zonse ziwiri, kubayitsa katemera ndi kuyezetsa DNA. Angawonjezere kuti ndalama ndi zake, ndipo kufuna kudziwa si tchimo. Ndikuvomera kuti si tchimo. Munthu amene galu wake ali ndi kadi la katemera lodzaza, wamwa mankhwala a njoka, watsekedwa kuti asabereke, amagona pa mthunzi ndipo mbale yake ya madzi siuma, akafuna kuyezetsa chifukwa cha chidwi chabe, sindidzamuimba mlandu. Koma tiyeni tinene zoona za mmene ndalama zimayendera pakhomo pathu. Phukusi lodalirika limagulidwa madola oposa 100, ndipo limene limayezanso matenda limaposa pamenepo, osawerengera ndalama zolibweretsera kuno ndi zolitumizira kubwerera. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyo pa mtengo wa kubanki womwe ndi yoposa K170,000, ndipo tonse tikudziwa kuti dola la kubanki silipezeka wamba. Mwana wa ku Joni akatumiza ndalama yotere kamodzi, satumizanso ina mwezi wotsatira yoti galu akatsekedwe. Ndalama ikapita ku kathonje, nthawi zambiri ndiye kuti yachoka pa chinthu china. Ndipo chinthu chinacho n'chachikulu: galu wamkazi wosatsekedwa amatha kuswa kawiri pa chaka, ana asanu kapena asanu ndi mmodzi ulendo uliwonse, ndipo ambiri mwa anawo amakathera m'ngalande yomwe ija, kapena pa gombe akulimbirana mitu ya usipa pansi pa matandala oyanikira nsomba. Amene watola galu mmodzi n'kumutseka wapulumutsa agalu ambiri amene sanabadwe, pamene amene wamuyeza mtundu wapeza nkhani yokamba ndi alendo.

Pali mfundo ina imene ndinaimva kwa mnyamata wina wogwira ntchito yaulonda, ndipo inandigwira mtima chifukwa inachokera pa zimene zinamuchitikira. Iye anagula kagalu m'mbali mwa msewu ku Lilongwe atauzidwa kuti ndi Boerboel, anakalipira ndalama zambiri, koma katakula kanakhala galu wachikuda ngati wina aliyense. Mfundo yake inali yakuti kuyeza DNA kukanakhala kofala, akuba otere akanasowa pogwira. Akunena zoona pa nkhani ya malonda, koma nkhani ya malonda ndi ina. Wogula galu amalipira dzina, ndiye ali ndi ufulu wotsimikiza dzinalo, ngakhale njira yapafupi ndi kukana kugula kagalu kamene sunaone make ndi tate wake. Wotola galu sanalipire dzina lililonse ndipo palibe amene wamunamiza. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mapeto a nkhani ya mnyamatayo. Nditamufunsa ngati galuyo amalondera bwino, anati amalondera kwambiri, sadwaladwala, ndipo amadya nsima ya madeya ndi bonya osavuta. Komabe ankalankhula za iye ngati munthu woferedwa.

Pamenepa ndi pamene pali muzu wa mkangano wonsewu, monga ndikuonera ine. Ambiri amene akufuna kuyeza galu wotoledwa sakufuna kudziwa chabe, akuyembekezera uthenga wabwino, ndipo uthenga wabwino kwa iwo ndi wakuti galuyo ali ndi magazi achizungu. Palibe amene amatumiza kathonje akupemphera kuti yankho libwere lakuti galu wa m'mudzi. Tinazolowera kunyoza chathu mpaka mawu akuti wachikuda anasanduka chitonzo, pamene pa nkhuku tonse timadziwa kuti yachikuda ndiyo yokoma ndi yodula. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Galu wathu wa ubweya waufupi, thupi lopepuka ndi miyendo italiitali anaumbidwa ndi dziko lino. Amapirira kutentha kwa m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja ya Malombe, kumene galu wa ubweya wokhuthala amakhalira wefuwefu usana wonse. German Shepherd amene ambiri amamulakalaka amadziwika ndi madokotala a ziweto kuti amadwala moopsa matenda ena a nkhupakupa kuposa agalu ambiri, ndiponso amavutika ndi mafupa a m'chiuno akamakula. Sindikunena kuti galu wachikuda sadwala, ayi, parvo ndi chiwewe sizisankha mtundu. Ndikunena kuti munthu amene watola galu wotere sanatole chotsalira chofunika kuchipezera dzina lachilendo kuti chikhale ndi ulemu. Ndipo ndikuopa chimene chingachitike kuyezaku kukafala pakati pathu mtima umenewu tisanauthetse: agalu opezeka ndi kadontho ka Rottweiler adzasungidwa ndi kuswetsedwa kuti agulitsidwe, pamene opezeka achikuda enieni adzapatsidwa kwa aliyense wodutsa.

Mfundo yomaliza ya mbali inayo ndi yakuti kuyeza agalu athu kungathandize sayansi, popeza agalu a mu Africa sanafufuzidwe mokwanira. Ndikugwirizana nazo kuti agalu athu ndi ofunika kufufuzidwa, koma imeneyo ndi ntchito ya ofufuza, monga a sukulu ya zaziweto ya ku LUANAR ndi anzawo a kunja, yochitika mwa dongosolo ndi ndalama za kafukufuku. Si udindo wa mayi wa ku Mangochi kulipira madola kuti nkhokwe ya kampani ya ku America ikule.

Mlamu wanga anamuimbira mwana wawo madzulo omwewo ine ndili pomwepo. Anamuuza kuti, "Mwanawe, ndalama ija tumiza ndithu, koma ya kathonje ayi." Mnyamatayo anadandaula pang'ono, akuti ankafuna kudziwa ngati anaona bwino makutu aja, koma anatumiza. Kagaluko kabayidwa katemera wa chiwewe ndi wa parvo, kamwa mankhwala a njoka kawiri, ndipo a zaziweto anena kuti kakakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi akakatseke. Ndalama yotsala mlamu anagulira thumba la madeya, n'kulipirira kabaza woti anyamule agalu awiri a mnansi wawo wokalamba kupita nawo kukabayitsa, chifukwa agalu amenewo ndi amene amasewera ndi zidzukulu zawo pabwalo tsiku lililonse.